Ndili ndi bizinesi ku Joni: thumba la penshoni la RA lingandichepetsere msonkho, nanga ndikabwerera kumudzi?

Kalata ya wowerenga wa ku Randburg:

"Ndine Mmalawi wa zaka 43. Ndakhala ku Johannesburg zaka 16 ndipo mapepala anga ndi a permanent residence. Ndinayamba ndi ganyu ya m'gadeni, pano ndili ndi mabakkie awiri ndi anyamata asanu, timasamalira kapinga ndi maluwa m'nyumba za anthu ku Randburg ndi Fourways. Bizinesiyi ili m'dzina langa, sindinalembetse kampani. Chaka chathachi, nditachotsa petulo, malipiro a anyamata ndi zokonzetsa makina, ndinatsala ndi R420,000, ndipo msonkho umene SARS (bungwe la boma lotolera msonkho kuno) inafuna unandizunguza mutu. Wogulitsa inshuwalansi wina akuti nditsegule retirement annuity, ndiziponya R5,000 pamwezi, SARS izindibwezera ndalama. Mnzanga akuti umenewo ndi msampha, ndalamazo sindidzazionanso ndikabwerera kwathu ku Mangochi. Mayi a kunyumba ndi ana awiri ali kumudzi. Nditani?"

Yankho:

Bambo, mtima m'malo, pakuti mwafunsa musanasaine pepala lililonse. Wa inshuwalansiyo sakunama, mnzanuyonso ali ndi mfundo, kungoti aliyense wakuuzani mbali imene ikumukomera kapena imene ikumuopsa. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi a chaka cha msonkho chimene chinayamba pa 1 Malichi 2025 ndi kutha pa 28 Febuluwale 2026. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti mu Febuluwale ena mwa manambalawa amasintha, choncho muzionanso a chaka chimene muli, koma kayendetsedwe kake kamakhala komweko.

Retirement annuity, imene anthu amangoti RA, ndi thumba la penshoni la munthu amene alibe bwana womudula penshoni pa malipiro. Mumatsegula nokha, mumaponyamo nokha. Chokoma chake chili m'gawo 11F la lamulo la msonkho la South Africa: ndalama zimene mwaponya m'thumbali zimachotsedwa pa phindu lanu SARS isanawerengere msonkho. Malire ake ndi 27.5 peresenti ya ndalama zanu zodulidwa msonkho, ndipo m'chaka cha msonkho cha 2025/26 sizinkaloledwa kupitirira R350,000 pachaka. Pa R420,000 yanuyo, malire anu ndi R115,500.

Tiwerengere limodzi. Pa R420,000 msonkho ndi R77,362 kuphatikiza 31 peresenti ya ndalama zopitirira R370,500, zonse pamodzi R92,707. Pamenepo SARS imachotsa R17,235 imene imakhululukira aliyense, kutsala R75,472. Ndikukhulupirira kuti nambala imene inakuzunguzani mutu ili pafupi ndi imeneyi. Tsopano mutaponya R5,000 pamwezi, ndiye R60,000 pachaka, SARS iwerengera pa R360,000, ndipo msonkho utsika kufika pa R57,397. Mwapulumutsa R18,075. M'thumba mwalowa R60,000, koma m'thumba la buluku lanu mwatuluka R41,925 yokha, inayo ndi imene ikanapita ku boma. Mutaponya R115,500 yonse, msonkho ufika pa R42,967, kupulumutsa R32,505.

Mawu oti "SARS izikubwezerani" akufunika kuwongola. Amene amabwezeredwa kawirikawiri ndi anthu olembedwa ntchito, chifukwa bwana wawo amakhala atawadula kale msonkho mwezi ndi mwezi. Inu mumalipira msonkho nokha kawiri pachaka, umene amati provisional tax. Kwa inu phindu la RA silibwera ngati ndalama yogwa mu akaunti, limaoneka pa kuchepa kwa zimene mukulipira. Ndikunena izi chifukwa ena amadikira uthenga wa ku banki, usabwere, n'kuyamba kuganiza kuti aberedwa.

Pa masamu aja pali chinthu chimene ogulitsa ambiri sachifotokoza. Msonkho wa ku South Africa uli ngati masitepe. Rand iliyonse ya pamwamba pa R370,500 mpaka R512,800 imadulidwa 31 peresenti, ya pakati pa R237,100 ndi R370,500 imadulidwa 26, ya pansi pake 18, ndipo amene sanafike R95,750 pachaka salipira kanthu. RA imayamba kudya sitepe ya pamwamba kutsika m'munsi. Kwa inu, R49,500 yoyamba imapulumutsa 31 peresenti, yotsatirayo 26 yokha. Ndiye chaka chimene bizinesi yayenda bwino ndi chimene muyenera kuponya zambiri. Chaka chimene bakkie yafa injini, makasitomala awiri akuluakulu achoka, phindu latsika kufika pa R180,000, RA ikupulumutsirani 18 peresenti basi, ndipo mwina chaka chimenecho ndalamayo ikufunika kwambiri m'bizinesi. Mukapitirira malire a 27.5 peresenti simunataye kanthu, zotsalazo SARS imazisungira chaka chotsatira, koma palibe chifukwa chotsekera ndalama lero pamene phindu lake la msonkho lidzabwera mawa.

Mudziwenso kuti msonkhowu saukhululuka wonse, ena amangousunthira kutsogolo. Mukadzapuma n'kuyamba kulandira penshoni mwezi ndi mwezi, penshoniyo idzadulidwa msonkho ngati malipiro. Phindu limachokera m'malo atatu. Ndalama zikali m'thumba zimakula popanda msonkho uliwonse, kaya pa chiwongoladzanja, kaya pa phindu la masheya, kaya pa kukwera kwa mtengo wake. Podzapuma, R550,000 yoyamba imene mutenge yonse pakamodzi ilibe msonkho, ngakhale mwayi umenewu ndi umodzi pa moyo wanu wonse, osati pa thumba lililonse. Ndipo munthu wopuma nthawi zambiri amalandira zochepa kusiyana ndi pamene ankagwira ntchito, kotero amagwera pa sitepe ya m'munsi. Wa zaka 65 salipira msonkho mpaka atapitirira R148,217 pachaka. Mukuthawa 31 peresenti lero kuti mudzalipire 18 kapena osalipira n'komwe.

Tsopano mbali ya mnzanu uja. RA ndi nkhokwe yokhoma. Simungapume m'thumbali musanakwane zaka 55, pokhapokha mutalumala kapena kudwala moti simungagwirenso ntchito. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2024 lamulo linafewako pang'ono ndi dongosolo la miphika iwiri, lotchedwa two-pot. Pa ndalama iliyonse imene mwaponya, gawo limodzi mwa magawo atatu limapita mu mphika wosungira, magawo awiri amapita mu mphika wa penshoni. Pa R60,000 yanu, R20,000 ikhala yoti mungaitapeko, R40,000 yokhomedwa. Mu mphika wosungirawo mumaloledwa kutapa kamodzi pa chaka cha msonkho, osachepera R2,000.

Kutapako kuli ndi mtengo wake. Zimene mwatapa zimaphatikizidwa pa ndalama zanu za chaka chimenecho n'kudulidwa msonkho pa sitepe yanu ya pamwamba, kwa inu 26 kapena 31 peresenti. Kampani yosunga thumba imadulaponso yake ya ntchito, ndipo ngati muli ndi ngongole ku SARS, iwo amayamba atenga yawo ndalamayo isanakufikeni. Amene amatapa chaka ndi chaka amangobweza msonkho umene anapulumutsa, n'kuwonjezerapo zolipira. Mphika umenewo muutenge ngati wa maliro kapena matenda aakulu, osati wogulira makina odulira kapinga.

N'chifukwa chake RA si yoyamba pa mndandanda wa munthu wa bizinesi. Ntchito yanu imayenda ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ku Johannesburg kumazizira, kapinga sakula, makasitomala ena amachepetsa masiku, koma anyamata asanu aja amafuna malipiro awo, lendi nayo sidikira mvula. Yambani mwasunga pambali ndalama zokwanira kuyendetsa bizinesi ndi nyumba kwa miyezi itatu kapena kuposa, mu akaunti imene mungatapemo m'masiku ochepa. Ngati muli ndi ngongole ya khadi ya ku banki kapena ya katapila, iphani imeneyo kaye, chifukwa palibe thumba la penshoni limene lingakule mofulumira ngati chiwongoladzanja cha ngongole zoterozo. Ngati pali zaka zimene simunapereke mafomu ku SARS, konzani zimenezo. RA imachepetsa msonkho wa phindu limene mwaulula. Ndalama za kasitomala wolipira pamanja zimene sizinalowe m'mabuku siziwerengedwa pa 27.5 peresenti ija, ndipo munthu amene akuonetsa phindu la R120,000 koma akuponya R100,000 mu RA akudziitanira mafunso.

Pa R5,000 ya pamweziyo, ine ndingakulangizeni mosiyana pang'ono. Ikani debit order (yoti banki izidula yokha mwezi ndi mwezi) yaing'ono imene simungalephere ngakhale mu Julayi, mwina R2,000 kapena R2,500. Zinazo muziika mu akaunti yapadera miyezi imene ntchito yachuluka. Kumayambiriro kwa Febuluwale, mabuku akakuonetsani phindu la chaka, muponye zotsalazo pakamodzi, mutadziwa kale sitepe imene muli. Ndalamayo iyenera kufika m'thumba Febuluwale asanathe, ndipo makampani ambiri amatseka kulandira kutatsala masiku angapo, choncho musadikire la 28. Ikafika pa 1 Malichi, yagwera m'chaka china.

Njira imeneyi imatheka ngati mwasankha RA yoyenera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Ma RA alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a mgwirizano wa inshuwalansi: mumasaina kuti muziponya ndalama zakutizakuti kwa zaka 15 kapena 20, kawirikawiri zokwera chaka chilichonse, ndipo wogulitsayo amalandira komishoni yake yambiri poyambirira. Mukasiya kuponya, kuchepetsa, kapena kusamutsira thumba ku kampani ina nthawi isanakwane, amakudulani chindapusa pa zimene mwasunga. Ena ndi ma RA a unit trust (ndalama za anthu ambiri zoikidwa pamodzi m'misika), amene mungaimitse, kuyambiranso, kuchepetsa kapena kuwonjezera popanda chindapusa. Kwa munthu wa malipiro okhazikika kusiyanaku n'kochepa. Kwa inu amene ndalama zimabwera mosinthasintha, wachiwiriwu ndiye woyenera. Mufunseni wa inshuwalansiyo funso limodzi, ndipo ayankhe polemba: "Nditasiya kuponya patatha zaka ziwiri, mundidula zingati?"

Funso lachiwiri ndi la zolipira za chaka ndi chaka. Kampani iliyonse ikhoza kukupatsani nambala yotchedwa effective annual cost, kapena EAC, imene imaphatikiza za woyendetsa ndalama, za mlangizi ndi za ofesi. Peresenti imodzi kapena ziwiri zimaoneka zazing'ono pa pepala. Tiyerekeze kuti mukuponya R5,000 pamwezi kwa zaka 15, mpaka mutakwana zaka 58. Thumba likamakula ndi 9 peresenti pachaka zolipira zitachotsedwa, mupeza pafupifupi R1.89 miliyoni. Zolipira zikadya maperesenti ena awiri, kukula n'kukhala 7, mupeza pafupifupi R1.58 miliyoni. Kusiyana kwake kukuposa R300,000, yomwe ndi yochuluka kuposa msonkho wonse umene mukanapulumutsa pa zaka 15 zimenezo pa mlingo wa R18,075 pachaka. Manambala a kakulidwewa ndi ongoyerekeza, palibe angakulonjezeni 9 peresenti, koma kuluma kwa zolipira ndi kwenikweni. RA yodula ikhoza kumeza phindu lonse la msonkho limene munaitsegulira.

Za kumene ndalamazo zimaikidwa, lamulo lotchedwa Regulation 28 limaika malire: masheya asapitirire 75 peresenti, za kunja kwa South Africa zisapitirire 45 peresenti, nyumba ndi malo 25 peresenti. Pa zaka 43, muli ndi zaka zosachepera 12 musanapume m'thumbali, choncho thumba losakaniza lokhala ndi masheya ambiri, limene amati balanced fund, ndi loyenera kuposa kungoika zonse pa chiwongoladzanja cha ku banki. Lidzatsika zaka zina. Musathamangire kusintha likatsika.

Tifike pa nkhani ya Mangochi. Mnzanu akulakwitsa ponena kuti ndalamazo simudzazionanso, koma njira yozitengera ili ndi nthawi yake ndi mtengo wake, ndipo zimadalira zaka zimene mudzachokere.

Mukachoka musanakwane zaka 55, lamulo limene linayamba pa 1 Malichi 2021 likuti mukhoza kutenga thumba lonse mutakhala zaka zitatu zotsatizana musali wokhala ku South Africa pa nkhani ya msonkho. Kukwera basi ya ku Blantyre pakokha sikukwanira. Muyenera kudziwitsa SARS kudzera pa eFiling, tsamba lawo la pa intaneti, kuti mwasiya kukhala m'dzikolo, kupereka umboni monga zidindo za m'pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala, ndi kulandira kalata yawo yotsimikiza tsiku limene munasiya. Popanda kalata imeneyo kampani ya thumba siingapemphe chilolezo cha msonkho chokulipirani. Zikatero, ndalama zokhomedwa zija zimadulidwa pa mlingo wa otenga nthawi isanakwane: R27,500 yoyamba ilibe msonkho, kuchokera pamenepo mpaka R726,000 ndi 18 peresenti, kenako 27 mpaka R1,089,000, pamwamba pake 36. Pa R400,000 msonkho ndi R67,050. Ngati poponya munkapulumutsa 26 ndi 31 peresenti, n'kudzalipira pafupifupi 17, simunaluze. Thumba likakula kupitirira miliyoni, masamuwo amayamba kuwawa. Kwa ena amene akuwerenga ali pa visa ya ntchito, lamulo lili ndi khomo lina lowalola kutenga akachoka m'dzikolo visa itatha, koma inu a permanent residence khomo lanu ndi la zaka zitatu lija.

Mukachoka mutakwana zaka 55, nkhani ndi yosavuta. Mukhoza kupuma m'thumbali muli kulikonse. Za mu mphika wosungira mumatenga pamanja, pa mlingo wabwino uja wa R550,000 yopanda msonkho. Za mu mphika wa penshoni zimagula penshoni ya mwezi ndi mwezi, kupatula ngati zili zochepa kwambiri moti lamulo limalola kuzitenga zonse. Penshoniyo ikhoza kukhala ya inshuwalansi, yokulipirani ndalama yokhazikika mpaka imfa, kapena living annuity, imene ndalama zimakhalabe m'misika inu n'kumasankha kutapa pakati pa 2.5 ndi 17.5 peresenti pachaka, ndipo zotsala zimapita kwa ana. Penshoniyi imalipidwa m'ma rand, kotero musatseke akaunti yanu ya ku banki ya ku South Africa, ndipo mufunse banki zimene imafuna kwa munthu amene wasamuka. Nambala ya foni imene imalandira ma OTP (manambala achinsinsi obwera pa foni) ndi password ya eFiling ndi zinthu zazing'ono zimene zimasowetsa anthu mtendere akafika kumudzi. Muzikonze musananyamuke.

Kulandira m'ma rand muli ku Mangochi si tsoka ayi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ukalamba wawo wonse m'makwacha ku banki anaona mphamvu ya ndalama zawo ikusungunuka usiku umodzi. Rand nayo imagwa, koma kukhala ndi mwendo umodzi kunja kwa kwacha ndi chitetezo. Sindikunena kuti musamange kwanu. Nyumba ya kumudzi, munda, ngakhale nyumba za lendi pa boma, zonsezo ndi mbali ya penshoni yanu. Kungoti njerwa sizichepetsa msonkho ku SARS, ndipo nyumba imene akuyang'anira achibale inu muli kutali ili ndi mavuto ake amene inu mukuwadziwa kuposa ine.

Pali ubwino wina wa RA umene munthu wa bizinesi ya m'dzina lake ayenera kuuganizira kwambiri. Popeza simunalembetse kampani, ngongole ya bizinesi ndi ngongole yanu. Mnyamata wanu ataphwanya geti ya kasitomala ndi bakkie, kapena bizinesi itagwa, okongoza akhoza kugwira katundu wanu. Ndalama za mu RA zimatetezedwa ndi Pension Funds Act ya 1956, okongoza wamba sangazikhudze. Amene angafikeko ndi SARS, khoti pa nkhani ya chisamaliro cha ana, ndi mkazi kapena mwamuna pa kutha kwa banja ngati khoti lalamula.

Nkhani ya imfa tisaizembe, pakuti mayi ndi ana ali kutali. Ndalama za mu RA sizitsata wilo, sizilowanso m'chuma cha masiye chimene achibale amakhalira pansi kugawana. Gawo 37C la lamulo lomwelo limapatsa matrasti, oyang'anira thumba, udindo wofufuza onse amene ankadalira inu, n'kugawa molingana ndi kusowa kwa aliyense, ndipo ali ndi miyezi 12 yofufuzira. Fomu imene mumalembapo mayina ndi yowatsogolera chabe, siwamanga manja. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Mkazi wa ukwati wa chikhalidwe chathu ndi ana onse, a m'banja ndi a kunja komwe, amawerengedwa. Ndipo matrasti ali ku Cape Town kapena Sandton sangapeze munthu ku Mangochi ngati simunawasiyire njira. Lembani mayina monga alili pa ziphaso zawo, masiku obadwa, manambala a foni a anthu awiri kapena atatu, ndi mudzi ndi mfumu yaikulu. Mayi a kunyumba akhale ndi pepala losonyeza dzina la kampani ndi nambala ya thumba. Ndalama zambiri za penshoni ku South Africa zangokhala osatengedwa, ndipo zina ndi za anthu ochokera m'mayiko oyandikana amene mabanja awo sankadziwa n'komwe kuti zilipo.

Mwina wina adzakuuzani kuti mulembetse kampani ya Pty Ltd kuti msonkho uchepe. Zikhoza kuthandiza, makamaka kampaniyo ikakwanira kukhala small business corporation, imene silipira kanthu pa R95,750 yoyamba ndipo imalipira 7 peresenti yokha mpaka R365,000. Koma pa nkhani ya RA pali dzenje. Mwini kampani akamadzilipira malipiro ochepa, tinene R8,000 pamwezi, zinazo n'kumatenga ngati ma dividend (gawo la phindu la kampani lopita kwa eni ake), ma dividendwo amadulidwa 20 peresenti yawoyawo ndipo sawerengedwa pa 27.5 peresenti ija. Malire ake a RA amatsika kufika pa R26,400, ndipo popeza msonkho wa R96,000 pachaka ndi R45 yokha, RA ikumupulumutsira R45. Ngati mudzatsegule kampani, malipiro anu ndi zoponya mu RA ziyenera kukonzedwa pamodzi. Kampani ikhoza kukuponyerani, iyo n'kuchotsa ngati ndalama zoyendetsera bizinesi, inu n'kuwerengeredwa ngati mwalandira ndiponso mwaponya nokha. Dzenje lofanana nalo lili pa turnover tax, msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono (m'chaka cha 2025/26, osapitirira R1 miliyoni pachaka): umawerengedwa pa ndalama zonse zolowa, ndipo RA siuchepetsa ngakhale pang'ono.

Pambali pa RA ganizirani tax-free savings account, akaunti yosungira ndalama yopanda msonkho. Iyi sichepetsa msonkho wa lero, koma zonse zimene yabereka zilibe msonkho, ndipo mukhoza kutapa tsiku lililonse, muli ndi zaka zilizonse. Malire ake m'chaka cha 2025/26 anali R36,000 pachaka ndi R500,000 pa moyo wonse. Mukapitirira, SARS imadula 40 peresenti ya zopitirirazo, ndipo malirewo ndi a maakaunti anu onse pamodzi, osati iliyonse payokha. Zimene mwatapa simungazibwezeremo popanda kudya malire anu. Kwa munthu amene sakudziwa chaka chimene adzabwerere kwawo, akaunti imeneyi ndi imene ingamudyetse pa zaka zitatu zodikira zija. Ine ndikanakhala pa manambala anu, ndikanaika pakati pa R50,000 ndi R60,000 mu RA kuti ndidye sitepe yonse ya 31 peresenti, ndipo R15,000 mpaka R18,000 yopulumutsidwayo ndikanaiponya mu akaunti yopanda msonkhoyi m'malo moilola kusungunukira m'zogula za tsiku ndi tsiku.

Ambiri a bizinesi amati bizinesi yawo ndiyo penshoni yawo. Lamulo lili ndi kamwayi pamenepo: munthu wa zaka 55 kapena kuposa akagulitsa bizinesi yaing'ono imene wakhala nayo ndi kuigwirira ntchito zaka zosachepera zisanu, m'chaka cha 2025/26 R1.8 miliyoni yoyamba ya phindu la kugulitsako inalibe capital gains tax (msonkho wa phindu la kugulitsa katundu), bola katundu wa bizinesi asapitirire R10 miliyoni. Koma kunena zoona, bizinesi ya m'gadeni mtengo wake uli pa dzina lanu ndi chikhulupiriro cha makasitomala. Mabakkie amakalamba. Chimene wogula angalipire ndi mapangano olembedwa ndi ma complex (nyumba zambiri za mu mpanda umodzi) komanso mabuku a zaka zingapo osonyeza phindu, choncho ngati mukufuna kudzagulitsa, yambani lero kulemba mapangano amenewo.

Pa za mapepala, potsegula RA adzafuna ID kapena pasipoti ndi pemiti, umboni wa kumene mukukhala, umboni wa akaunti ya ku banki ndi nambala yanu ya msonkho. Chaka chikatha kampaniyo imatulutsa satifiketi ya IT3(f) yosonyeza zimene mwaponya, ndipo muonetsetse kuti nambala ya pa satifiketiyo ndi imene yalowa pa ITR12, fomu yanu ya msonkho ya pachaka. Pa mafomu a IRP6 a provisional tax, a kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale, mukhoza kuchotseratu zoponya za RA poyerekeza phindu. Chenjerani pa ya Febuluwale: mukayerekeza ngati mwaponya R100,000 koma n'kuponya R30,000, phindu lanu lenileni likhala lokwera kuposa limene munanena, ndipo SARS ikhoza kukulipiritsani chindapusa cha 20 peresenti pa msonkho woperewerawo. Kuchedwa kulipira nako kuli ndi 10 peresenti yake. Malisiti ndi masatifiketi muzisunga zaka zisanu.

Anyamata anu asanu aja, UIF imene mumawadulira 1 peresenti inu n'kuwonjezera 1 peresenti si penshoni, ndi yowathandiza ntchito ikatha. Mutafuna kuwaponyera kenakake ka ukalamba, zimene bwana waponyera antchito m'thumba lovomerezeka zimachotsedwa pa phindu la bizinesi. Ngati ena mwa iwo mapepala awo ndi a kanthawi, mufunse kaye mmene adzatengere ndalamazo akadzachoka.

Pali malo atatu amene musayendepo nokha. Ngati muli ndi zaka zimene simunapereke mafomu kapena munabisa zina, pitani kwa tax practitioner wolembetsedwa ku SARS musanatsegule thumba lililonse, chifukwa pali njira yodziulula nokha imene imachepetsa zindapusa, ndipo imagwira ntchito pokhapokha SARS isanayambe kukufufuzani. Ngati mukuganiza zolembetsa kampani, akauntanti akuwerengereni njira ziwirizo pa manambala anu enieni. Ndipo chaka chimene mwatsimikiza zobwerera ku Mangochi, muonane ndi wodziwa za msonkho wa anthu osamuka miyezi ingapo musananyamuke, chifukwa tsiku limene mwasiya kukhala wa ku South Africa pa msonkho, SARS imatenga ngati mwagulitsa katundu wanu wina monga masheya a kunja kwa RA, ndipo pamakhala msonkho wake.

Wa inshuwalansi uja mumufunse nambala ya FSP (ya chilolezo) ya kampani imene akuimira, muifufuze pa webusaiti ya FSCA, bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma, ndipo ndalama muziponya mu akaunti ya thumba lenilenilo, osati ya munthu. Mukadzasemphana ndi thumba pa zodulidwa kapena kuchedwa kulipira, ofesi ya Pension Funds Adjudicator ku Pretoria imamva madandaulo kwaulere, ngakhale mutalemba muli ku Malawi. Pokakumana naye mutenge EAC ya makampani ena awiri kuti muyerekeze, ndipo akakuuzani kuti musaine lero lomwe chifukwa mwayi ukutha, mumuuze kuti tsiku lomaliza limene inu mukulidziwa ndi la kumapeto kwa Febuluwale.